Masikito tinagawa, nyumba zinapoperedwa, nanga malungo abwereranji?

"A dokotala, ine ndine mayi amene ndinasankhidwa kutsogolera gulu la anthu odzipereka pa ntchito za umoyo m'dera lathu. Chaka chathachi tinagawa masikito khomo ndi khomo, nyumba zambiri zinapoperedwa mankhwala, ndipo alangizi a zaumoyo ali ndi zipangizo zoyezera malungo. Koma mvula itangoyamba, ana adzadzanso kuchipatala. Anthu ayamba kutinena kuti masikito athu ndi achabechabe, ena akuti mankhwala a masiku ano ndi osukuluka, ndipo ena masikitowo atchingira mbewu kudimba. Anzanga m'gululi agwa mphwayi. Kodi tikulakwitsa pati? Kapena malungowa sadzatha basi?"

Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu, ndipo mtima ukhale m'malo. Zimene mukuonazi sizikutanthauza kuti thukuta lanu lapita pachabe. Malungo amachuluka nthawi ya mvula ngakhale m'dera limene zonse zikuyenda bwino, chifukwa ndi nyengo imene udzudzu umaswana. Musanaweruze ntchito yanu, pitani kuchipatala mukapemphe kuona kaundula. Ana odwala malungo miyezi ino ndi angati poyerekeza ndi miyezi yomweyi chaka chatha ndi chinacho? Mwa iwo, ndi angati anafika pogonekedwa, poikidwa magazi kapena kumwalira? Dziwaninso kuti zipangizo zoyezera zikafika pafupi ndi anthu, chiwerengero cha m'kaundula chimayamba chakwera, chifukwa ana amene kale ankadwalira kunyumba osalembedwa paliponse tsopano akuonekera. Mzere wautali pakhomo la mlangizi wa zaumoyo nthawi zina umasonyeza kuti makolo ayamba kubwera msanga, zomwe ndi zimene timafuna.

Vutoli si la kwanu kokha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti m'chaka cha 2023 anthu pafupifupi 263 miliyoni anadwala malungo, ndipo pafupifupi 597,000 anamwalira. Mwa imfa 100 zilizonse, 95 zinachitika mu Africa, zambiri za ana osakwana zaka zisanu. Koma akatswiri atawerengetsa zimene zinachitika mu Africa kuyambira 2000 mpaka 2015, anapeza kuti ntchito zolimbana ndi malungo zinapewetsa matenda oposa 600 miliyoni, ndipo pafupifupi magawo awiri mwa atatu a phindu limeneli anachokera ku masikito. Wonena kuti masikito ndi achabechabe ndikumumvetsa, watopa ndi kuchezera usiku ndi mwana wotentha thupi, koma akulakwitsa.

Pa zaka zimene ndakhala pa ntchitoyi, ndaona kuti mapologalamu a malungo kawirikawiri amafera pa kamtunda komaliza, pakati pa nyumba yosungiramo katundu ndi malo amene mwana akugonapo. Malipoti amawerenga masikito amene agawidwa, nyumba zimene zapoperedwa ndi makatoni a mankhwala amene atumizidwa, chifukwa zimenezo n'zosavuta kuwerenga ndipo opereka ndalama amazifuna. Pomwe chimateteza mwana ndi kugona usiku uliwonse m'neti yosang'ambika, ndiponso kumwa mankhwala oyenera pasanathe tsiku chiyambireni kutentha thupi. Gulu lanu ndi limene lili pafupi ndi zinthu ziwirizi kuposa wina aliyense.

Tiyambe ndi masikito. Pogawa, mayiko ambiri amawerengera neti imodzi pa anthu awiri. Papepala zimakwana bwinobwino. M'nyumba sizikwana, chifukwa anthu sagona awiriawiri monga mmene kompyuta inawerengera. Mnyamata wosinkhuka sangagone neti imodzi ndi mlongo wake, agogo ali ndi malo awoawo, ana a sukulu amayala pabalaza madzulo n'kuyalula m'mawa, ndipo neti yofunika kumanga ndi kumasula tsiku ndi tsiku sichedwa kuiwalika pakona. Ana a msinkhu wa sukulu amenewa ndi amene amatsalira kawirikawiri, chonsecho ambiri mwa iwo amayenda ndi tizilombo ta malungo m'magazi osamva kudwala, ndipo udzudzu ukawaluma umakapatsira makanda. Ndiye mukamayenda m'makomo, funso lakuti "muli ndi neti?" lisiyeni, aliyense amayankha kuti eya. Pemphani mwaulemu kuti akuonetseni pamene aliyense anagona dzulo, muwerenge malo ogona ndi masikito amene ali opachika. Nthawi zambiri mupeza kuti chasowa ndi chingwe, msomali, kapena munthu woti awaonetse kamangidwe kake m'chipinda chopanikiza. Zimenezi gulu lanu likhoza kuzikonza popanda kudikira aliyense.

Kugawa kwa chikhamu kumachitika kamodzi pa zaka zitatu poganiza kuti neti ikhala nthawi yonseyo, koma m'madera ambiri zikamatha zaka ziwiri imakhala itabooka, makoswe atadya, moto wa nyali utaotcha. Pakatipa ana atsopano abadwa ndipo mabanja ena asamukira m'deralo. N'chifukwa chake masikito operekedwa kusikelo ya amayi oyembekezera ndi ya ana ndi ofunika chimodzimodzi, ndipo muzifunsa mayi aliyense wopita kusikelo ngati analandira yake. Kabowo kakang'ono kasokedwe msanga kapena kamangidwe mfundo. Neti ichapidwe ndi sopo wamba pokhapokha ikada, ndipo iyanikidwe pamthunzi chifukwa dzuwa limaononga mankhwala ake. Yatsopano iyambe yapachikidwa pamthunzi kwa tsiku lathunthu isanagonedwe, apo ayi imayabwa kumaso, ndipo banja likayabwidwa usiku woyamba limaipinda n'kuiika m'chikwama mpaka kalekale.

Za masikito a kudimba, musafulumire kukalipa. Kaoneni kaye ngati ndi atsopano kapena akale. Neti yotha ntchito ikatchinga mbande kapena ikakhomedwa pazenera palibe cholakwika, bola pogona pali ina yabwino. Choletsa ndi kuphera nsomba, chifukwa imakokolola ndi tiana tomwe komanso mankhwala ake ndi oopsa kwa zamoyo za m'madzi. Ikakhala yatsopano, funsani modekha chifukwa chake. Mwina m'nyumbamo mukutentha kwambiri, mwina anamva mphekesera yoti imachepetsa mphamvu m'banja, mwina analandira zitatu pomwe malo ogona ndi awiri. Chilichonse mwa izi chili ndi yankho lakelake, ndipo simungalipeze pamsonkhano wa anthu ambiri.

Anthu akamati udzudzu ukulumabe amakhala akunena zoona, koma si udzudzu wonse umene umafalitsa malungo. Wosokosa kukhutu uja, woswana m'madzi onunkha ndi m'zimbudzi, kawirikawiri ndi wa mtundu wa Culex, ndipo sufalitsa malungo. Wa malungo ndi waukazi wa mtundu wa Anopheles, umene umaluma kwambiri pakati pa usiku ndi mbandakucha, ndipo ukatera pakhoma umaweramitsa mutu n'kukweza kumbuyo. Komabe dandaulo lawolo lili ndi pogwira. Kwa zaka zambiri masikito onse ankakhala ndi mankhwala a gulu limodzi lotchedwa pyrethroid, ndipo m'mayiko ambiri udzudzu unawazolowera moti wambiri suferatu. Neti yotere imatchingabe ikakhala yosabooka, koma mphamvu yake yopha imachepa. Pofuna kuthana ndi zimenezi kunabwera masikito owonjezeredwa mankhwala a PBO, amene amafooketsa kupirira kwa udzudzu, ndipo mu 2023 WHO inavomereza masikito a mankhwala awiri okhala ndi chlorfenapyr. Kusankha mtundu wa neti si udindo wanu, koma muli ndi ufulu wofunsa ku ofesi ya zaumoyo kuti dera lanu linalandira mtundu uti. Ndipo neti ngakhale yabwino bwanji siteteza mwana amene akusewera panja mpaka usiku, kapena mlonda ndi msodzi amene amachezera kunja.

Kupopera kumagwira ntchito mosiyana ndi mmene ambiri amaganizira. Udzudzu umayamba waluma, kenako umakatera pakhoma kuti upume, ndipo pamenepo ndi pamene mankhwala amaupha usanakalume wina. Choncho nyumba yanu ikapoperedwa, amene mwamuteteza kwambiri ndi mnansi wanu, iyenso akapopetsa yake wateteza inu. Zimafunika kuti nyumba zosachepera zisanu ndi zitatu mwa khumi zipoperedwe, ndipo zichitike mvula isanayambe. Mphamvu yake imatha pakapita miyezi ingapo, ndipo banja likazira kapena kupenta khoma pambuyo pake, mankhwala aja akwiririka. Fufuzani kuti kwanuko anapopera mwezi uti, ndi nyumba zingati zinakana kapena zinapezeka zotseka.

Pano ndinenepo maganizo anga, ngakhale ena sagwirizana nawo. Magulu ambiri odzipereka amathera mphamvu zawo pa kutchetcha udzu ndi kusesa zinyalala poganiza kuti akulimbana ndi malungo. Ukhondo ndi wabwino pa matenda ena, koma Anopheles saswana mu udzu. Amaikira mazira m'madzi oima osada kwambiri, monga zithaphwi za mvula, maenje oumbira njerwa, mapazi a ng'ombe m'matope ndi m'mphepete mwa minda yothirira, ndipo pasabata imodzi kapena ziwiri dzira limakhala litasanduka udzudzu wouluka. Kukwirira maenje kumathandiza pamene ali ochepa, odziwika komanso osasuntha. Pamene dera lonse lasanduka zithaphwi, tsiku logwira ntchitolo ndi bwino mulithere pomangitsa masikito ndi kutseka mipata ya pakati pa khoma ndi denga, chifukwa udzudzu wa malungo umakonda kulowera pamenepo.

Tsopano za mankhwala. Malungo a mtundu wa falciparum, amene ali ofala mu Africa, amatha kusanduka aakulu mwa mwana wamng'ono pasanathe tsiku limodzi kapena awiri. Kuyambira 2010 WHO imalangiza kuti munthu aziyamba wayezedwa asanapatsidwe mankhwala a malungo, ndipo apa ndi pamene pamabuka mikangano yambiri. Mayi wayenda mtunda wautali ndi mwana wotentha thupi, kachipangizo kakuti mulibe malungo, iye akubwerera wopanda mankhwala a malungo a LA ndipo akuona ngati amukaniza chithandizo. Gulu lanu lithandize kufotokoza kuti kutentha thupi kumabweranso ndi chibayo, matenda a m'khutu, a m'chikhodzodzo ndi ena, ndipo mwana wa chibayo akapatsidwa mankhwala a malungo amakhala wataya masiku amtengo wapatali. Wachipatala naye asangoti "mulibe malungo, pitani." Ayenera kufufuza chimene chikutenthetsa thupilo ndi kuuza kholo tsiku lobweranso.

LA amamwedwa kawiri patsiku kwa masiku atatu, kasanu ndi kamodzi konse pamodzi, ndipo ulendo wachiwiri umabwera patatha maola asanu ndi atatu kuchokera pa woyamba. Amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi mkaka kapena chakudya chokhala ndi mafuta pang'ono, kwa khanda bere ndi lokwanira. Mwana akasanza atangomwa kumene, kholo libwerere kwa wachipatala kuti abwereze. Chimene ndachiona kosawerengeka ndi chakuti tsiku lachiwiri mwana amadzuka n'kuyamba kusewera, mayi n'kusunga mapiritsi otsala kuti adzathandize mwana wina. Sachita zimenezi chifukwa cha umbuli ayi, amakhala akukumbukira tsiku limene anapeza kuchipatala kulibe mankhwala. Koma tizilombo totsala timachulukananso, ndipo pakatha milungu iwiri kapena itatu mwana uja ali chigonere. Ngati pali ntchito imodzi yoti anzanu ogwa mphwayi aja ayambirepo, ndi yokayendera mwana aliyense wopezeka ndi malungo pa tsiku lachitatu ndi kupempha kuona pepala la mapiritsi.

Nanga n'zoona kuti mankhwala asukuluka? Mantha amenewa ali ndi mbiri yake. Chloroquine anali mankhwala odalirika mpaka tizilombo tinamuzolowera, ndipo mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kumusiya n'kuyamba SP, amene ambiri amamudziwa kuti Fansidar. Nayenso anafooka, ndipo mu 2007 dzikolo linasinthira ku LA. Mankhwala a masiku anowa maziko ake ndi artemisinin, amene anapezedwa ku China ndi gulu la Tu Youyou, mayi amene analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Kupirira pang'ono kwa tizilombo ku artemisinin kunayamba kuoneka ku Cambodia, ndipo tsopano kwatsimikizika ku Rwanda, Uganda, Eritrea ndi Tanzania. Akatswiri akuziyang'anitsitsa, koma m'madera ambiri LA akuchizabe bwino akamwedwa mpaka kumaliza. Mwana akadwalanso, zifukwa zofala ndi kusamaliza mankhwala, kulumidwanso ndi udzudzu wina, kapena mankhwala achinyengo ogulidwa kwa ogulitsa opanda chilolezo. Dziwaninso kuti kachipangizo koyezera pachala kamatha kusonyezabe malungo kwa milungu ingapo munthu atachira, choncho wobweranso pasanathe mwezi ayenera kuyezedwa ndi maikulosikopu kuchipatala chokulirapo.

Kusowa kwa mankhwala ndi zoyezera kumapha chikhulupiriro msanga kuposa mphekesera iliyonse. Kawirikawiri kumayamba ndi masamu. Chipatala chimaitanitsa katundu potengera zimene chinagwiritsa ntchito miyezi yapitayo, yomwe inali yachilimwe, katunduyo n'kufika mvula ili pakati, odwala atachuluka kawiri kapena katatu, milatho itaduka. Kumbutsani oyang'anira kuti aziitanitsa poyang'ana nyengo ya mvula ya chaka chatha, ndipo mlangizi wa zaumoyo azinena katundu akatsala wa milungu iwiri, osadikira kuti katoni iti mbee.

Pali zizindikiro zimene aliyense m'gulu lanu ayenera kuzidziwa pamtima, chifukwa zikaoneka sipafunikanso kudikira kuti kuche. Mwana akakomoka kapena kugwedezeka thupi, akalephera kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akalefuka moti sangakhale tsonga kapena akuvuta kudzutsa, akamapuma mobanika, zikhatho ndi m'maso zikayera, maso akachita chikasu kapena mkodzo ukada kwambiri, amenewo ndi malungo aakulu mpaka achipatala atanena zina. Mapiritsi sangakwanire, akufunika jakisoni wa artesunate kuchipatala, mwinanso magazi. Kwa ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi amene ali kutali, pali artesunate woika kumalo ochitira chimbudzi, amene alangizi ophunzitsidwa amapereka. Ameneyu amangogulira nthawi ya paulendo. Mwana akaoneka kuti watsitsimuka, ulendo wa kuchipatala usalephereke. Ndipo gulu lanu likhale ndi dongosolo lodziwika la mayendedwe a usiku, la amene ali ndi njinga kapena galimoto ndi nambala yake ya foni, lokonzedwa tsoka lisanagwe.

Amayi oyembekezera musawaiwale. Tizilombo timabisala mu nsengwa mayi osamva kalikonse, zotsatira zake n'kukhala kuchepa kwa magazi, kupita padera kapena mwana wobadwa wochepa thupi. SP, ngakhale anasiyidwa pochiza, amatetezabe amayiwa. Amayamba kumwa mimba ikapitirira miyezi itatu, kamodzi pamwezi, kosachepera katatu, pamaso pa namwino. Woyamba sikelo mochedwa samaliza. Mayi amene ali ndi HIV ndipo akumwa kale Bactrim tsiku ndi tsiku sapatsidwa SP, ndipo mayi woyembekezera aliyense akatentha thupi apite kuchipatala tsiku lomwelo, asamwe mankhwala otsala a munthu wina.

Katemera naye wafika. Wa RTS,S anayamba kuperekedwa moyeserera mu 2019 ku Ghana, Kenya ndi Malawi, ndipo m'madera amene anaperekedwa imfa za ana a msinkhu wolandira katemerayu zinatsika ndi 13 pa 100 zilizonse. WHO inamuvomereza mu 2021, n'kuvomerezanso wachiwiri wa R21 mu 2023, ndipo Cameroon inaika wa RTS,S pa ndondomeko ya katemera wa ana mu Januwale 2024. Amaperekedwa kanayi kuyambira mwana ali ndi miyezi isanu, ndipo wachinayi ndi amene amaiwalika chifukwa amabwera mwana atakula, makolo atasiya kupita kusikelo. Chitetezo chake n'chapakatikati, mwana wobayidwa akhoza kudwalabe, choncho neti isachoke. Makolo auzidwe zimenezi poyambirira pomwe, kuopa kuti angadzati tinawanamiza.

Mwafunsa ngati malungo adzathe. Mayiko ena anawathetsa ndipo WHO inatsimikiza: Algeria mu 2019, China mu 2021, Cabo Verde ndi Egypt mu 2024. Koma nkhani ya Sri Lanka ndi imene ndimakonda kuuza magulu ngati lanu. Mu 1963 dziko lonselo linapeza odwala malungo 17 okha. Kupopera kunaimitsidwa, ndipo pofika 1969 odwala anapitirira theka la miliyoni. Zinatengera dzikolo mpaka 2016 kuti litsimikizidwe kuti lathetsa malungo. Ntchitoyi ili ngati kupalira m'munda, ukasiya chifukwa mwayera, udzu umabwerera. Choopsa china n'chakuti malungo akachepa kwa zaka zingapo, chitetezo chimene anthu amakhala nacho chifukwa chodwaladwala chimatsika, ndiye akabwerera amagwetsa ndi akuluakulu omwe. Ndalama nazo n'zoperewera. Mu 2023 dziko lonse lapansi linasonkha pafupifupi madola 4 biliyoni pa ntchitoyi, osakwana theka la zimene zinkafunika, ndipo gawo lalikulu linachokera kunja kwa mayiko a malungo kudzera ku bungwe la Global Fund ndi boma la America. Kumene kukutentha ndi kugwa mvula yambiri, kuthetseratu malungo kutenga nthawi yaitali, koma kuchepetsa imfa za ana n'kotheka nyengo ino yomwe.

Pali zinthu zina zimene zikaoneka musalimbane nazo nokha, kanenani kwa woyang'anira za malungo ku ofesi ya zaumoyo, ndipo mupite ndi zolemba: tsiku, mudzi, msinkhu wa wodwala ndi mankhwala amene anamwa. Ana angapo akabwereranso ndi malungo pasanathe masiku 28 atamaliza LA bwinobwino, akatswiri ayenera kudziwa. Anthu ambiri odwala kwambiri akamapezeka opanda malungo pa kachipangizo koma maikulosikopu n'kuwapeza nawo, nenaninso, chifukwa ku Eritrea, Ethiopia ndi Djibouti kunapezeka tizilombo timene zoyezera zofala zija sizitiona, ndipo zikatero pamafunika zoyezera za mtundu wina. Chimodzimodzi akuluakulu akayamba kudwala malungo aakulu mochuluka, kapena odwala a sabata imodzi akaposa kwambiri a sabata yomweyo zaka zapitazo. Pamenepo ofesi imatha kutumiza anthu odzafufuza udzudzu, kuonjezera mankhwala kapena kutsegula malo oyezera apafupi mpaka mvula itatha.